Kupenta galimoto pa kompyuta: chinsinsi chagona pa kuwala

Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere mumzinda wa Blantyre, kapena pafupi ndi mlatho wa Lilongwe nthawi yoweruka ku ntchito, akudziwa kuti galimoto za m'dziko muno sizisiyana mitundu kwenikweni. Yoyera, ya siliva, yotuwa, yakuda, kenaka yoyeranso. Ikatulukira yofiira psuu kapena yachikasu, maso a anthu amaiperekeza mpaka ikakhote.

Si kuno kokha. Kampani ya Axalta, yomwe imapanga penti wa galimoto, imatulutsa lipoti la mitundu chaka ndi chaka, ndipo kuyambira 2011 mtundu woyera sunachokepo pamwamba. Pa galimoto zitatu zilizonse zotuluka m'fakitale padziko lonse, pafupifupi imodzi imakhala yoyera. Kwa Mmalawi woitanitsa Vitz, Sienta kapena Fit yogwirapo kale ntchito ku Japan, nkhani ya mtundu imabwera pamapeto. Amayamba waona mtengo, chaka, makilomita omwe yayenda ndi msonkho umene ukumudikira ikalowa pa chipata cha Songwe. Mtundu amangolandira womwe waupezawo.

Pakapita zaka, dzuwa likawaula denga ndi boneti, mwini wake amayamba kuganiza zopentetsa. Wa Bullets mtima umakhala pa yofiira, wa Manoma pa yabuluu, ndipo mwini bizinesi amafuna galimoto zake zifanane ndi chikwangwani cha kampani. Koma kupenta galimoto yonse kumadya ndalama zambiri, ndipo utoto ukauma sabweza. Apa ndi pamene kompyuta imathandiza: munthu atha kuiona galimoto yake mu mtundu watsopano pa chithunzi, asanagule ngakhale chitini chimodzi cha penti.

Kusintha mtunduwo ndi ntchito ya mphindi imodzi. Kuusintha moti woona akhulupirire kuti galimotoyo inatuluka m'fakitale ili choncho, imeneyo ndi nkhani ina. Zithunzi zambiri zotere zimadziulula zokha: thupi la galimoto limaoneka lafulati, lopanda makwinya ake, ndipo kunyezimira kwake kumazima. Cholakwika sichikhala pulogalamu. Chimakhala chakuti wokonzayo wapaka mtundu pamwamba pa kuwala.

Zomwe diso limaona pa galimoto

Utoto wa galimoto zamakono sukhala umodzi. Pachitsulo pamayamba kumatidwa woteteza ku dzimbiri, pamabwera wosalaza wotchedwa primer, kenaka wa mtundu weniweniwo, ndipo pamwamba pa zonse amapoperapo woonekera m'kati, clear coat. Zigawo zonsezi pamodzi zimangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, komabe maonekedwe onse a galimoto agona pamenepo.

Kuwala kukafika pa galimoto kumagawikana pawiri. Kwina kumalowa mu clear coat, kumakafika pa utoto wa mtundu, n'kubwerera kutatenga mtunduwo. Kumeneku ndi komwe kumauza diso kuti galimotoyi ndi yofiira. Kwina kumanjanja pamwamba penipeni osalowa n'komwe, ndipo kumabwerera momwe kunadzera. Uku ndiye kunyezimira kuja. Mtambo woyera umaonekabe woyera pa boneti yofiira, ndipo thambo limaonekabe labuluu pa denga la galimoto yakuda. Wopenta ku galaja akasintha mtundu, mitamboyo siisintha. Wopenta pa kompyuta nayenso sayenera kuisintha.

Kuchuluka kwa kunyezimiraku kumadalira komwe munthu waima. Katswiri wa sayansi wa ku France, Augustin-Jean Fresnel, anafotokoza lamulo lake m'zaka za m'ma 1820. Munthu akayang'ana chinthu chosalala ngati clear coat maso ndi maso, kuwala konjanja pamwamba kumangokhala pafupifupi 4 pa 100 alionse. Akachiyang'ana chammbali, motsetsereka, kunjanjako kumakwera mpaka kuphimba pafupifupi chilichonse. Amene anasambapo ku nyanja amazidziwa: akayang'ana pa mapazi ake amaona mchenga pansi pa madzi, koma akaponya maso patali amangoona thambo pamwamba pa madziwo. Galimoto yojambulidwa ndi munthu woima kutsogolo kwake imatero. Pa bampala mtundu umalimba, koma kumapeto kwa boneti ndi padenga pamadzaza thambo, ndipo mtundu watsopano uyenera kufika pamenepo mofooka.

Palinso utoto wa metallic, wokhala ndi tizidutswa ta aluminiyamu, ndi wa pearl, wokhala ndi tizidutswa ta mwala wa mica. Utoto wotere umawala kwambiri pamalo oyang'anana ndi dzuwa, n'kuda msanga pomwe chitsulo chapindika. Chitsanzo chodziwika ndi Soul Red Crystal wa kampani ya Mazda, womwe unatchuka ndi CX-5 ya 2017. Chitseko chimodzi chomwecho chimafiira ngwee pamwamba, n'kumapita chikuda mpaka kutsala pang'ono kukhala chakuda m'munsi. Palibe mtundu umodzi wosankha pa kompyuta umene ungaimire zonsezo.

Zida zilipo, zina zaulere

Pulogalamu yotchuka pa ntchitoyi ndi Photoshop, yomwe anayambitsa ndi munthu ndi mchimwene wake, Thomas ndi John Knoll, ndipo kampani ya Adobe inayamba kuigulitsa mu 1990. Mu 1994 munabwera ma layer, zigawo zosanjikizana zomwe chilichonse chimakonzedwa pachokha. Mu 1996 munabwera ma adjustment layer, omwe amasintha mtundu kapena kuwala osawononga chithunzi chapansi. Zinthu ziwirizi ndi zomwe zimalola wokonza kuonetsa kasitomala galimoto imodzi mu mitundu isanu, n'kubwerera ku woyamba uja popanda kuyambiranso.

Kuyambira 2013, Photoshop yatsopano amachita kulipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndipo m'dziko lomwe ndalama zakunja zimavuta kupeza, izi si zapafupi kwa wophunzira. Mwayi ulipo kwina. GIMP, yomwe Spencer Kimball ndi Peter Mattis anaiyamba mu 1995 ali pa yunivesite ya California ku Berkeley, ndi yaulere, ndipo GIMP 3.0 yomwe inatuluka mu Malichi 2025 imalolanso kusintha mitundu osawononga chithunzi. Photopea, ya Ivan Kutskir, imagwira ntchito pa intaneti popanda kuilowetsa m'kompyuta, ndipo mabatani ake akufanana kwambiri ndi a Photoshop. Mayina a zida amasiyana apa ndi apo, koma ntchito yake ndi imodzi.

Ntchito imayambira pa kamera

Chithunzi choipa sichipenteka. Chabwino ndi chojambulidwa galimoto itatsukidwa, kunja kuli mitambo kapena dzuwa lisanakwere, chifukwa dzuwa la masana la mu Okutobala limawotcha boneti mpaka kuyera mbee, ndipo pamalo owotchedwa chotero kamera sisungapo kanthu koti n'kukonza. Fumbi nalonso limapha kunyezimira. Ojambula ena amaika pa kamera kagalasi kotchedwa polarising filter, komwe kamachepetsa chinyezimiro cha pamwamba kuti utoto uoneke bwino. Chithunzi chomwe chadutsa pa WhatsApp kangapo chimakhala chitafinyidwa, ndipo chikangokhudzidwa chimatuluka timabokosi.

Kenaka pamabwera ntchito yotopetsa kwambiri, yomwe ambiri amaithawa: kulekanitsa malo opentedwa ndi china chilichonse. Magalasi, matayala, malimu, nyali, malabala a m'mbali mwa mawindo, chizindikiro cha kampani ndi nambala puleti, zonsezi ziyenera kutsala momwe zilili. Akatswiri amagwiritsa ntchito Pen tool, kutsatira mzere wa galimoto kadontho ndi kadontho. Mizere yokhota yomwe chidachi chimajambula imatchedwa ndi dzina la Pierre Bézier, injiniya wa kampani ya Renault, yemwe m'zaka za m'ma 1960 ankaigwiritsa ntchito pojambula matupi a galimoto. N'zosadabwitsa kuti mzere wa Pen tool umagona bwino chotero pa boneti ndi pa chitseko, poti masamu ake anakulira m'fakitale ya galimoto.

Mzerewo ukatha, amausandutsa mask, yomwe imauza pulogalamu malo oti ikhudze ndi oti isiye: poyera pasinthe, pakuda pasakhudzidwe. M'mphepete mwake amafewetsamo pang'ono, mwina pikiseli imodzi, chifukwa kamera sijambula mzere wakuthwa kotheratu. Mask yakuthwa kwambiri imachititsa galimoto kuoneka yomatidwa pa chithunzi.

Mtundu, kulimba kwake, ndi kuwala

Kompyuta imaugawa patatu mtundu uliwonse: mtundu weniweniwo, kulimba kwake, ndi kuwala kwake. Mitundu imaikidwa pa gudumu la madigiri 360. Wofiira uli pa 0, wachikasu pa 60, wobiriwira pa 120, ndipo wabuluu pa 240. Chida cha Hue/Saturation chimangozunguliza gudumuli. Galimoto yofiira ikabwezedwa m'mbuyo ndi madigiri 120 imasanduka yabuluu, ndipo poti mitambo yoyera ya pa boneti ilibe mtundu woti uzungulire, imatsala yoyera. Iyi ndiyo njira yophweka kuposa zonse, ndipo ndi chifukwa chake galimoto yofiira kapena yabuluu ndi yabwino kuphunzirirapo.

Msampha uli pa kuwala. Diso la munthu silimva mitundu yonse mofanana. Pa muyeso wa sRGB, womwe masikirini ambiri amatsatira, kuwala kobiriwira kumapereka pafupifupi 72 pa 100 a kuwala komwe diso limamva, kofiira 21, ndipo kwabuluu 7 basi. Wachikasu, womwe pa sikirini umapangidwa pophatikiza wofiira ndi wobiriwira, ndi wowala mwachibadwa, pomwe wabuluu ndi wodera. Wokonza akathira wachikasu pa galimoto ya buluu wakuda pogwiritsa ntchito njira ya Color, yomwe imasintha mtundu n'kusiya kuwala momwe kunalili, amapeza mtundu wamatope womwe palibe fakitale inaupangapo. Ayenera kukweza kuwala ndi chida cha Curves mpaka chikasucho chitsitsimuke. Akamachoka ku chikasu kupita ku buluu, amachita zosiyana: amatsitsa kuwala kwa utoto, koma osakhudza malo onyezimira.

Pofuna kuteteza malo onyezimirawo, Photoshop ili ndi Blend If, yomwe imaletsa mtundu watsopano kufika pamalo owala kwambiri ndi akuda kwambiri a chithunzi chapansi. Kwa utoto wa metallic, ambiri amakonda Gradient Map, momwe amasankha mitundu ingapo nthawi imodzi: wakuda kwambiri wa m'mithunzi, weniweniwo wa pakati, ndi wopepuka wa pafupi ndi chinyezimiro. Chomaliza ndi kudziletsa. Ophunzira amakonda kukweza kulimba kwa mtundu mpaka pamapeto, chonsecho galimoto yeniyeni yoima pabwalo, itakutidwa ndi thambo ndi mithunzi, silimba mtundu chotero.

Yoyera ndi yakuda, mayeso enieni

Tsoka lake, galimoto zomwe zadzaza m'misewu ndi zomwe zimavuta kwambiri. Yoyera, yakuda ndi yotuwa zilibe mtundu woti gudumu lija lizungulize. Munthu atha kukoka batani la Hue uku ndi uku, osaona kusintha kulikonse.

Pa galimoto yoyera, wokonza amaika layer ya mtundu watsopano pa njira ya Multiply, yomwe imadetsa poyera n'kusunga mithunzi. Galimoto imafiiradi, koma chinyezimiro chonse chimafiira nawo, poti nacho chinali choyera. Kuti achibweze, amatenga kope ya chithunzi choyamba, n'kuidetsa mpaka patatsala malo owala kwambiri okha, kenaka n'kuiika pamwamba pa njira ya Screen. Ngakhale atero, ntchito imakhala isanathe. Pa utoto woyera chinyezimiro chimabisika, pomwe pa utoto wodera chimaonekera patali. Mzere womwe thambo limakumana ndi nthaka umayenda m'mbali mwa galimoto yakuda kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo wosandutsa yoyera kukhala yakuda amayenera kuujambula yekha ndi dzanja.

Kusandutsa yakuda bii kukhala yoyera ndiye kovuta koposa. Zomwe kamera imajambula pa galimoto yakuda, zambiri si utoto koma mitengo, nyumba ndi anthu oizungulira. Zikawalitsidwa, galimoto imaoneka yachitsulo chopukutidwa, osati yoyera. Palinso vuto la masamu. Chithunzi cha JPEG chimasunga masitepe 256 okha pakati pa mdima ndi kuwala pa mtundu uliwonse, ndipo utoto wakuda umapanikizana m'masitepe ochepa a pansi. Akatambasulidwa, chitseko chimatuluka mizeremizere ndi timadontho. Chithunzi cha RAW chimasunga masitepe 4,096 kapena 16,384, kutengera kamera, ndipo chimapirira kutambasulako. Kasitomala akabwera ndi kachithunzi ka pa foni ka galimoto yakuda n'kumafuna yoyera, wokonza woona mtima amamuuza kuti ndi bwino kupeza chithunzi cha galimoto ina ya mtundu womwewo wa thupi, koma yowala.

Tizinthu tomwe timaulula

Mtundu wakale sukhala pa thupi la galimoto pokha. Umaonekera m'zitsulo zonyezimira, m'malimu, m'galasi la nyali, pa windo, m'kalilole wa m'mbali, pa khoma loyandikana nalo, ndi pa tala wonyowa nthawi ya dzinja. M'galimoto zina, makamaka zonyamula katundu, chitsulo chopentedwa chimaonekeranso m'kati kudzera pa windo. Galimoto yabuluu yomwe chithunzithunzi chake m'chithaphwi chikadali chofiira yadziulula kale.

Pamatsalanso kamzere ka mtundu wakale m'mphepete. Izi zimachitika chifukwa JPEG kawirikawiri imasunga mitundu mosalongosoka poyerekeza ndi kuwala, choncho kufiira kumasefukira pang'ono pa labala kapena pa galasi. Wokonza amakulitsa chithunzi, n'kuyenda m'mphepete monse akufufuta kamzereko. Nyali za mabuleki zikhalebe zofiira, zokhotera zikhalebe za olenji, ndipo mipata ya pakati pa zitseko ikhalebe yakuda.

Makina anzeru ndi makampani aakulu

Masiku ano mapulogalamu amatha kudula okha galimoto pa chithunzi. Photoshop inabweretsa Select Subject mu 2018 ndi Generative Fill mu 2023, ndipo pali mapulogalamu a AI omwe munthu amangowalembera kuti galimoto ikhale yobiriwira. Amafulumiradi, ndipo nthawi zina amachita bwino pa chinyezimiro. Koma ambiri a iwo sasintha mtundu wokha, amajambulanso gawo lonselo. Malimu amatha kusintha kapangidwe, chizindikiro cha kampani chimapotoka, manambala a pa puleti amasokonekera. Amene sadziwa momwe kuwala kumayendera pa utoto sangazindikire pomwe makinawo aphonya.

Makampani opanga galimoto anapita patali. Zithunzi za pa masamba awo a intaneti, pomwe wogula amadina mtundu galimoto n'kusintha pomwepo, nthawi zambiri sizichokera ku kamera. Kompyuta imamanga galimoto yonse, n'kuwerengera momwe kuwala kunganjanjire pa utoto uliwonse. Mu 2016 kampani ya The Mill inaonetsa Blackbird, chimango cha matayala anayi chomwe chimatalika ndi kufupika, chomwe amachijambula chikuthamanga pamsewu kenaka n'kuchiveka thupi la galimoto iliyonse pa kompyuta. Makamera ake amajambulanso malo ozungulira, kuti chinyezimiro cha pa thupi lopangalo chikhale cha malo enieniwo. Mu Januwale 2022, pa chionetsero cha CES ku Las Vegas, BMW inaonetsa iX Flow, galimoto yeniyeni yosintha kuchoka ku yoyera kupita ku yakuda mothandizidwa ndi luso la E Ink. Imeneyo inali yachionetsero chabe. Galimoto ya munthu wamba ikadali yodalira wopopera penti kapena womata pulasitiki wa mtundu, wotchedwa wrap.

Kuchoka pa sikirini kupita ku galaja

Chithunzi chikonzedwe bwino chotani, chili ndi malire. Sikirini imatulutsa kuwala kwakekwake, pomwe utoto umadalira kuwala kwa dzuwa kapena kwa magetsi. Buluu yemweyo amaoneka mosiyana pa foni ziwiri, ndipo utoto womwe ukukongola pansi pa magetsi a m'galaja utha kuoneka wina padzuwa. Wosakaniza penti ku Biwi kapena ku Ndirande sangasakanize bwino pongoyang'ana foni ya kasitomala. Chomwe chimamuthandiza ndi nambala ya mtundu. Toyota, mwachitsanzo, ili ndi 040 wa woyera, 1F7 wa siliva ndi 3R3 wa wofiira, ndipo nambala ya mtundu wa galimoto iliyonse imalembedwa pa kapuleti ka pa mzati wa chitseko kapena pansi pa boneti. Wokonza zithunzi waluso amayamba wapeza zithunzi zenizeni za galimoto za mtundu womwe kasitomala akufuna, zojambulidwa mu kuwala kofanana, n'kumayerekeza ntchito yake ndi zimenezo.

Luso lomweli lili ndi mbali ina yoopsa. Dzanja lotha kusintha mtundu limathanso kufufuta dzimbiri, kuwongola chitseko chophwanyika ndi kubweza kunyezimira pa denga lowauka. Malonda a galimoto ambiri akuchitikira pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo wogula wa ku Mzuzu amene watumiza ndalama chifukwa cha chithunzi chokonzedwa cha galimoto ya ku Limbe amakhala waberedwa. Atolankhani ali ndi malamulo okhwima pa nkhaniyi. Mu 2015, mpikisano wa World Press Photo unachotsa pafupifupi 20 pa 100 alionse a ntchito zomwe zinatsala pang'ono kufika mu ndime yomaliza, chifukwa chosinthidwa mopitirira muyeso. Wogulitsa galimoto alibe oweruza omuyang'anira chotero, koma udindo wake ndi womwewo. Chithunzi chosinthidwa mtundu chiyenera kunenedwa poyera kuti n'chongoyerekeza.

Mtundu wa galimoto ndi chimodzi mwa zinthu zolembedwa m'mapepala ake a boma. Ku Britain, wosintha mtundu amayenera kukonzetsa chikalata cha V5C ku DVLA. Kuno nakonso, galimoto yomwe mapepala akuti ndi yoyera koma pamsewu ndi yofiira imaitana mafunso pa rodibuloko, ndipo itha kuvutitsa mwini wake tsiku la ngozi kapena itabedwa.

Choncho amene akuganiza zopentetsa ayambe ndi chithunzi chabwino, aione galimoto yake mu mitundu iwiri kapena itatu, ndipo akasankha, apemphe wopenta kuti apopere kaye pa kachitsulo kakang'ono, akaone padzuwa ndi pamthunzi asanalipire ntchito yonse. Utoto ukauma, akadziwitse a Road Traffic ndi a inshulansi. Ndipo tsiku logulitsa likadzafika, chithunzi choika pa intaneti chidzakhale cha galimotoyo momwe ilili pabwalo, mu mtundu womwe uli m'mapepala ake.